Nkhawa ikakupanikizani, yambani ndi kusenzetsa mnzanu ndowa

Nkhawa imamutsekera munthu m'mutu mwake. Mwakwera minibasi, koma msewu simukuuona, zimene anzanu akukamba simukuzimva. Mukumvetsera mtima wanu womwe ukugunda ngati mwathamanga, mukuwerengera ndalama ya lendi kachisanu, mukubwereza mawu amene munalankhula dzulo kuntchito n'kumadzifunsa ngati abwana sanakhumudwe nawo. Usiku anthu onse agona, inu maso ali tong'o kudenga. Kwathu timangoti "ali ndi maganizo" kapena "akuganiza kwambiri", ndipo mawuwa ndi olondola. Mutu ukugwira ntchito usana ndi usiku, koma nkhani yake ndi imodzi yokha: inuyo ndi zoopsa zimene zingakugwereni.

Thupi nalo silitsalira. Ubongo ukaona ngati pali choopsa, m'magazi mumalowa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, tokonzekeretsa munthu kuthawa kapena kumenyana. Mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, m'mimba mumasokonekera. Mukanakhala kuti mwakumana ndi njoka m'munda, zonsezi zikanakupulumutsani. Koma choopsacho chikakhala cha m'maganizo palibe kothawira, ndiye munthu amangokhala n'kumadzimvetsera, ndipo akamadzimvetsera kwambiri m'pamene mantha amakulirakulira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo olandira thandizo ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi alionse.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi yaing'ono ndipo siifuna ndalama: kuchitira ena tinthu tabwino mwadala, pa masiku oikika, kwa milungu inayi kapena isanu. Siichotsa ngongole, siilowa m'malo mwa chipatala. Ntchito yake n'kutembenuza maso anu kuti achoke pa inu nokha, ndipo kwa munthu wankhawa chimenechi si chinthu chochepa.

Mu 2015, Jennifer Trew ndi Lynn Alden a ku Canada anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ophunzira 115 omwe ankachita mantha kwambiri akakhala pakati pa anthu. Gulu lina analiuza kuti kwa milungu inayi lizichitira ena zabwino, zinthu zitatu pa tsiku, masiku awiri pa mlungu, monga kutsukira mnzawo mbale kapena kutchetchera mnansi kapinga. Gulu lachiwiri linkangodzilimbitsa mtima n'kumacheza ndi anthu, lachitatu linkangolemba zochitika za tsiku. Mtima wofuna kuzemba anthu unachepa kwambiri mwa aja ankachitira ena zabwino. Pambuyo pake David Cregg ndi Jennifer Cheavens a ku yunivesite ya Ohio State ku America anayesa njira yomweyi kwa milungu isanu pa anthu 122 ovutika ndi nkhawa ndi kukhumudwa, n'kuiyerekeza ndi njira zina ziwiri zimene alangizi amagwiritsa ntchito. Magulu onse atatu anapezako bwino, koma gulu lochitira ena zabwino ndi lomwe linadzimva kuti layandikirana kwambiri ndi anthu, ndipo phindulo linali likadalipo patatha milungu ina isanu.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Simungasenzetse mayi ndowa yodzaza madzi kwinaku mukuwerenga kugunda kwa mtima wanu. Maso amayenera kukhala pa ndowa, pa nkhata, pa khosi la mnzanuyo kuti asapweteke. Kwa kamphindi kameneko mwatuluka m'mutu mwanu. Zotsatirazi ndi njira yochulukitsira timphindi totere.

Choyamba, dziwani pamene mwaima

Pezani kakope, ngakhale masamba otsala a kope lakale la mwana. Kwa masiku atatu musanayambe china chilichonse, madzulo alionse lembani nambala kuyambira 0 mpaka 10. Ziro ndiye kuti mtima unali m'malo tsiku lonse, 10 ndiye kuti nkhawa inakulepheretsani ngakhale kudya. Pambali pa nambalayo lembani chinthu chimodzi chimene munachizemba tsikulo: foni imene simunayankhe, njira imene munalambalala kuti musakumane ndi aneba, kwaya kapena msonkhano wa banki mkhonde umene munajomba.

Zozembedwazo muzisunge, tidzazifuna pa mlungu wachitatu. Kuzemba n'kumene kumanenepetsa nkhawa. Mukazemba mumapeza mpumulo wa kanthawi, ndipo ubongo umaphunzira kuti choopsacho chinali chenicheni, mwapulumuka chifukwa chothawa. Mawa lake umakuuzani kuti muthawenso.

Chachiwiri, lembani anthu ndi tinthu timene mungawachitire

Yambani ndi anthu, osati zochita. Lembani mayina a anthu khumi amene mumawaona kapena kuwaganizira mlungu uliwonse: agogo a kuseri kwa nyumba yanu, mlonda wa kuntchito, mayi wogulitsa tomato pakona, mnzanu amene anaferedwa miyezi itatu yapitayo, mwana wa aneba amene akukonzekera mayeso a Sitandade 8. Pambali pa dzina lililonse dzifunseni kuti, munthu ameneyu chikumulemera n'chiyani masiku ano? Funso lokhali layamba kale ntchito, chifukwa kuti muliyankhe muyenera kuganizira moyo wa wina.

Kenako lembani kanthu kakang'ono pa dzina lililonse. Kakhale kosapitirira mphindi 15, kosadya ndalama kapena kodya yochepa kwambiri, ndiponso koti mwini wake akamvedi kukoma. Kumudzi mipata ndi yosawerengeka: kupopera wina madzi pa mjigo inu mutatunga kale anu, kutengera nkhalamba thumba la chimanga popita kuchigayo, kukhala pansi n'kuthandiza aneba kutong'ola chimanga kapena kuswa mtedza, kuthyola nkhwani wochulukirapo n'kupatsako nyumba ina. M'tauni mungapatse mpando mayi wobereka mwana, kunyamulira wina katundu potsika basi, kusesa mpaka pakhomo la mnzanu wa pa lendi, kuanulira aneba zovala mvula ikayamba iwo kulibe, kulolera wokalamba kuti apite patsogolo pa mzere wa kubanki. Kuntchito mungasonyeze wobwera kumene mmene zinthu zimayendera, kapena kuuza mnzanu pamaso pa ena kuti ntchito ija anaigwira bwino. Ngati mukudikirira wodwala kuchipatala, gadiyani mnzanu mungamuyang'anire mphika pamoto, kapena kumubwereka foni kuti aimbe kumudzi.

Musaiwale oferedwa. Pa siwa anthu amadzaza, koma pakatha mwezi pakhomo pamakhala zii. Uthenga wa pa WhatsApp wongoti "Achemwali, lero ndakukumbukirani, mukupeza bwanji?" umafika pa nthawi imene ena onse anabwerera ku ntchito zawo.

Kumvetsera nako ndi mphatso. Ku Harare, mu 2006, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yomwe agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri kwathu komweku. Inu simunaphunzitsidwe uphungu ndipo simukuyenera kuthetsa mavuto a munthu. Koma kukhala naye mphindi khumi, foni ili m'thumba, osamudula mawu, mungathe.

Chachitatu, siyanitsani kukoma mtima ndi goli

Pano ndichedwepo, chifukwa wina anena kuti, "Ine moyo wanga wonse ndi wothandiza anthu, nanga bwanji nkhawa sikundichoka?" Funsoli n'lomveka. Ambiri a ife timapereka mpaka kutsala manja lende. Fizi ya mphwanu, feteleza wa kumudzi, chipepeso pa maliro atatu mwezi umodzi, chopereka cha kumpingo, mlamu amene wagonekedwa. Amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds ku England amadziwa mmene mtima umadumphira foni ya kumudzi ikalira mwezi uli pakati. Umenewu ndi udindo, ndipo udindo uli ndi ulemu wake, koma nthawi zambiri ndi womwewo umene ukukusowetsani tulo. Musauike pa mndandanda wanu. Zimene mukulemba m'kakope zikhale zoti mwasankha nokha, palibe wakutumani, palibe akudikira.

Palinso msampha wina umene anthu ankhawa amagweramo kwambiri. Munthu amavomera chilichonse chimene wapemphedwa chifukwa akuopa kuti akakana amunena, amuda, amusala. Kunja amaoneka wachifundo, koma m'kati akunjenjemera, ndipo akabwerera kunyumba amakhala wotopa ndi wokwiya. Kuthandiza kotereku ndi kuzemba komwe kuja, kungoti kwavala zovala zabwino. Sikuchepetsa nkhawa, kumaidyetsa.

Ndiye kanthu kalikonse musanakalembe, kayeseni ndi mafunso awiri. Ndikapanda kuchita, kodi alipo amene andikwiyire? Ngati alipo, kameneko ndi udindo kapena mantha, kachotseni. Ndikachita, kodi mawa ndidzuka ndi ngongole kapena ana anga agona ndi njala? Ngati ndi choncho, kachotseninso. Munthu asakatenge katapila kuti aoneke wokoma mtima. Ndipo pa milungu imeneyi muli ndi ufulu wonse wouza wopempha kuti, "Pepani achimwene, ulendo uno sinditha," kenako tsiku lomwelo n'kukatungira agogo madzi mwa kufuna kwanu.

Chachinayi, sankhani masiku awiri

Sankhani masiku awiri pa mlungu, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo pa tsiku lililonse muchite tinthu titatu. Kuunjika pa tsiku limodzi kuli ndi chifukwa chake. Katswiri wa za maganizo Sonja Lyubomirsky wa ku California ku America anauza ophunzira kuti azichita zabwino zisanu pa mlungu kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo amene ankachita zonse tsiku limodzi ndi omwe chimwemwe chawo chinakwera, pomwe omwaza mlungu wonse sanasinthe kwenikweni. Kamodzikamodzi kamasowa m'piringupiringu wa tsiku, koma titatu totsatizana mtima umatizindikira.

Konzani usiku wake. Lembani kuti ndani, chiyani, nthawi yanji. Mukasiya kuti mudzaganize m'mawa, nkhawa idzakupezerani zifukwa khumi zoti musachite.

Chachisanu, chitani mtima ukugunda choncho

Musadikire kuti mantha athe kaye. Satha musanachite, amachepa mukuchita. Mukamayandikira munthuyo, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, kenako muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa, kutulutsako kutalike kuposa kukoka. Chitani katatu. Kutulutsa mpweya modekha kumathandiza kuti mtima uchepetse liwiro.

Mawu oyamba muwakonzeretu, ndipo akhale afupi. "Amayi, ndikusenzetseni?" "Agogo, mwaswera bwanji? Ndikupita kuchigayo, muli ndi koti ndikutengereni?" "Bambo, khalani apa, ine nditsika posachedwa." Kufunsa kaye n'kofunika. Ndi ulemu, komanso kumateteza kuti musagwire katundu kapena mwana wa munthu iye asakufuna. Kwa anthu osawadziwa, chitani masana ndi poyera.

Tsopano pamene pagona njira yonseyi ndi apa. Pamene mukuchita, maganizo adzafuna kubwerera kwa inu: mawu anga akunjenjemera, akundiona thukuta, ndikuoneka wopusa. Mukazindikira zimenezi musalimbane nazo, ingobwezani maso kwa mnzanuyo. Dzipatseni ntchito yoti muone zinthu zitatu za iyeyo zimene mudzalembe madzulo. Chitenje chake n'chamtundu wanji? Nkhope yake inasintha bwanji mutamulankhula? Ananena mawu oti chiyani? Maganizo akathawanso, abwezeninso, ngakhale kakhumi, monga mmene m'busa amabwezera mbuzi yolowa m'munda, mosakalipa. Kubweza kumeneko ndiye kuphunzira kwake.

Chachisanu ndi chimodzi, mukatha chokanipo

Musaime kudikira kuthokozedwa. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo n'zoona, koma pa milungu ino musamapite kukasuzumira ngati zimene munaika zabereka. Mukayamba kuwerengera amene wabweza ndi amene sanabweze, mwadzipezera nkhawa yatsopano.

Mukangochoka, mutu udzayamba mlandu: mwina ndamuchititsa manyazi, mwina akuganiza kuti ndikufuna kanthu, kanthu kochepa ngati kameneka n'kachabe. Pa mlandu umenewu pali umboni wokuikirani kumbuyo. Amit Kumar ndi Nicholas Epley, mu kafukufuku amene anatuluka mu 2022, anapatsa anthu pa paki ina ku Chicago kapu ya chokoleti chotentha nthawi yozizira, n'kuwauza kuti akafuna angaipereke kwa munthu wosamudziwa. Operekawo atafunsidwa kuti wolandirayo akondwera motani, ankachepetsa. Olandirawo anakondwera kuposa mmene operekawo ankaganizira. Wopereka amayang'ana kuchepa kwa chinthucho, wolandira amayang'ana kuti wina wamuganizira. Ndiye mawu a m'mutu aja akati n'zachabe, dziwani kuti anthu ambiri amalakwitsa pomwepo, ndipo amalakwitsira mbali yomweyo.

Nthawi zina munthu adzakana, kapena adzalandira nkhope ili gwa. Zimachitika. Mwina ali ndi zake zomulemera, mwina sanazolowere. Yankhani kuti "Chabwino, zikomo," n'kupitiriza ulendo. Tsiku lotere lilinso ndi phindu lake, chifukwa chimene mumachiopa chachitika ndipo mwafika kunyumba muli bwinobwino.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani madzulo

Mphindi zisanu zakwana. Lembani zimene mwachita, zinthu zitatu zija munaona, chimene munkaopa kuti chichitika, ndi chimene chachitikadi. Pomaliza ikani nambala ya tsikulo. Masiku amene simukuchita zabwino mwadala, lembani nambala yokha.

Chachisanu ndi chitatu, sinthasinthani ndipo kwerani pang'onopang'ono

Kanthu kamodzi kobwerezabwereza kamasanduka chizolowezi ndipo mtima sukamvanso, choncho mlungu uliwonse onjezani munthu watsopano kapena kachitidwe katsopano. Mlungu woyamba yambani ndi zosavuta, za m'nyumba mwanu momwe kapena zosaonekera: kutsuka mbale isali nthawi yanu, kutola zinyalala pa mjigo, kutumizira mnzanu mayunitsi ochepa. Mlungu wachiwiri chitani zofuna kulankhulana maso ndi maso ndi anthu owazolowera.

Mlungu wachitatu tsegulani tsamba lija la zozembedwa. Sankhani chimodzi chopepukirapo, ndipo mulowemo kudzera pa khomo la kuthandiza. Ngati mumajomba kumpingo chifukwa choopa maso a anthu, pitani molawirira mukathandize kusesa ndi kuyala mabenchi. Ngati mumalambalala nyumba ya aneba, pitani ndi mapapaya awiri m'manja. Ngati pa maliro mumasowa pokhala ndi chonena, pitani kumene kuli ntchito: amayi kumoto ndi kotunga madzi, abambo kowaza nkhuni kapena kothandiza adzukulu. Munthu amene ali ndi chogwira m'manja sadzifunsa kuti ndiime pati, ndinene chiyani. Ine ndimaona kuti apa m'pamene njirayi imaposa kungodzikakamiza kupita pagulu, chifukwa mumafika ndi chifukwa, ndipo anthu amakulandirani ndi nkhope yomasuka, zomwe zimatsutsa zonse zimene nkhawa inakuuzani panjira.

Tsiku limene nkhawa yakula kwambiri moti kutuluka panja kukukanika, musaliwerenge ngati mwalephera. Chepetsani muyezo. Uthenga umodzi wolimbikitsa munthu, wolembedwa muli chigonere, ukuwerengedwa.

Wina akafuna kukubwezerani, landirani. Aneba aja akabwera ndi mbale ya futali, musati "Ayi musavutike." Nenani zikomo, mudye. Anthu ankhawa ambiri kulandira kumawavuta kuposa kupereka, chifukwa amadziona ngati mtolo kwa ena. Mukakana mwamumana mnzanuyo mwayi womwe inu mwakhala mukuufunafuna milungu yonseyi.

Pakatha milungu inayi

Khalani pansi ndi kakope kanu. Yerekezani manambala a masiku atatu oyamba aja ndi a mlungu womaliza, ndipo muonenso ngati masiku awiri osankhidwa aja amasiyana ndi ena. Werengani mzere wa zimene munkaopa pambali pa mzere wa zimene zinachitikadi. Onani ngati pa zozembedwa zija pali chimene tsopano mukuchita. Musayembekezere kuti 8 asanduka 0. Akatsika kufika pa 6, ndipo mwayambanso kuyankha foni, njirayi ikukuyanjani, pitirizani ndi tsiku limodzi kapena awiri pa mlungu.

Koma pali pamene simuyenera kudikira milungu inayi. Ngati nkhawa yakulepheretsani kugona, kudya kapena kugwira ntchito kwa milungu ingapo, ngati mumagwidwa mwadzidzidzi ndi mantha aakulu mpaka kubanika ngati mukufa, ngati mwayamba kudalira mowa kapena chamba kuti mtima ukhale pansi, pitani kuchipatala. Kuthamanga kwa mtima kumabweranso ndi matenda ena monga kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro, ndiye ndi bwino akuyezeni. Ngati mukuganiza zodzipweteka kapena zodzipha, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo akuperekezeni, musakhale nokha.

Ku Malawi yambirani pa chipatala chapafupi kapena cha boma lanu, mufunse woona za matenda a maganizo. Kulinso zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba. Ku Zambia kuli chipatala cha Chainama ku Lusaka. Tengani kakope kanu, kadzakuthandizani kufotokoza mawu akakusowani. Mukalowa, musangoti mutu ukuwawa kapena thupi likuphwanya, chifukwa angakuyezeni malungo okha n'kukubwezani ndi Panado. Nenani kuti: "Adokotala, ndikuganiza kwambiri, tulo sindikupeza, mtima umathamanga popanda chifukwa, ndipo zayamba mwezi wakuti."